Makina Amene Sanalowe Mumzikiti

Ulendo wa ku Durban uja ndimaukumbuka ndi manyazi, ndipo ndikuufotokoza lero chifukwa ndatopa kuusunga ndekha.

Ine ndine Yotamu, kwathu ku Ntcheu, koma ndakhala ku Pretoria mpaka imvi zayamba kutuluka m'mbalimu. Ntchito yanga ndi yochapa makapeti ndi masofa m'nyumba za anthu. Anandiphunzitsa ndi Che Amidu, bambo wachiyao wa ku Machinga, amene anandipeza ndikutchetcha kapinga ku Waterkloof tsiku lina iwo akuchapa m'nyumba ya bwana wanga. Anandiona ndikusuzumira pawindo, n'kundikodola kuti ndigwire paipi. Kuyambira pamenepo tinakhala limodzi, iwo ndi baki yawo yakalekale, kagalimoto kotsegula kumbuyo, ine ndi Chingerezi changa cha fomu folo ndi pakamwa panga posatopapa.

Tinali ndi kamakina ka magetsi, kokoka ndi manja. Kankagwira ntchito ndithu, koma nthawi imeneyo magetsi ankangothimathima. Umayamba bwinobwino, kapeti yanyowa theka, basi phethi! Ndiye mukhale pakhonde maola atatu, madamu akukuyang'anani ngati mwazimitsa ndinu. Tinagwirizana zogula makina a injini ya petulo, aja amakhala m'galimoto momwemo, kutenthetsa madzi okha, inu n'kungolowetsa mapaipi m'nyumba. Atsopano sitikanawakwanitsa. Pafoni ndinapeza awiri ogwiritsidwa kale ntchito, onse ku Durban.

Ine m'mutu mwanga munali nyumba zosanja za ku Waterkloof. Che Amidu m'mutu mwawo munali mzikiti. Kumene amaswali, cha ku Pretoria North, kuli kamzikiti kodzaza anthu akwathu a ku Mangochi ndi Machinga, ndipo kapeti yake ndi yomata khoma mpaka khoma, yosatheka kuitulutsa. Chaka chilichonse Ramadani ikayandikira, akuluakulu ankagwada ndi maburashi kuikwecha, n'kutha masiku ikununkha chinyontho. Kamakina kathu sankalola kuti kalowemo, chifukwa kanali katayenda m'nyumba za agalu. Kwa iwo malovu a galu ndi najisi, kutanthauza chodetsa chimene sichiyenera kufika pamalo opempherera, ndipo chimene chakhudzidwa chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa kameneko ndi dothi. Ndiye Lachisanu lina atamaliza mapemphero, Che Amidu anaimirira pamaso pa akuluakulu onse n'kulonjeza kuti chaka chino palibe wachikulire amene agwade ndi burashi, iwo abweretsa makina oyera. Che Amidu si munthu woyankhulayankhula, ndipo akanena chinthu anthu sakonzanso njira ina.

Tinanyamuka Lachinayi m'bandakucha, iwo atangomaliza swala ya m'mawa. Ku Gezina tinatenga Mayi Nasibeko, a ku Dedza, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Waterkloof. Ankapita ku Pietermaritzburg kukaona mwana wawo amene anali atangochira. Anakhala pakati pathu, chikwama chachikulu pamiyendo, moti Che Amidu akafuna kusintha giya ankayamba apepesa. Anakana kulandira ndalama ya ulendo kwa mayiwo, ndiye mayiwo anabwezera potidyetsa chimanga chophika kuyambira ku Midrand mpaka tinapempha chifundo.

Johannesburg tinaidutsa pang'onopang'ono ngati tili pamaliro. Titapitirira Heidelberg matologeti anayamba, ndipo pa iliyonse Mayi Nasibeko ankadandaula kuti msewu wa kuno uli ndi pakamwa pambiri kuposa ana a mlongo wawo. Chapafupi ndi Warden apolisi anatiimitsa. Mapepala athu anali pafupi, koma pasipoti ya mayiwo inali pansi penipeni pa chikwama. Mayiwo anayamba kutulutsa katundu pamsewu pomwepo, matewera, tizipewa, tinsapato toluka, botolo la mafuta, zonse kuziyala pa boneti. Wapolisi anayamba ndi nkhope yolimba, koma pofika pa kajuzi kachitatu anali akufunsa ngati mdzukuluyo ndi wamwamuna. Tinataya pafupifupi ola lathunthu pamenepo.

Titayambanso kuyenda, mayiwo anafunsa kuti zimatheka bwanji wa Lachisanu ndi wa Lamulungu kudyera mbale imodzi osamenyana. Ine ndinayamba kulongosola zambirimbiri, monga mwa chizolowezi changa. Che Amidu anangodikira kuti ndipume.

"Awa ndi makutu anga, Amayi," anatero. "Mzungu akayamba Chingerezi chothamanga, ine ndimamva kudzera mwa iwowa."

Ndinakondwa nawo mawuwo, sindinama. Ndinakhala tsonga ngati ndapatsidwa udindo kutchalitchi.

Mayi Nasibeko tinawatsitsa ku Pietermaritzburg dzuwa litapendeka, n'kutsetserekera ku Durban. Kutentha kwa kumeneko n'konyowa, malaya amakumata pamsana usanagwire ntchito iliyonse. Tinagona kwa mphwawo wa Che Amidu amene amasoka zovala mumzindamo.

Lachisanu m'mawa tinayamba ndi makina a ku Pinetown. Mwini wake anali mmwenye wachikulire amene ankasiya ntchito chifukwa cha msana. Makinawo anali aang'ono, penti itasupuka, injini yotsokomola kawiri isanadzuke, pansi pake kadontho ka oyilo. Mkuluyo sanabise chilichonse. Ananena yekha kuti mapaipi ndi aafupi, kuti lamba akufunika wina, ndiponso kuti moyo wawo wonse makinawo achapa m'maofesi basi. Che Amidu anagwada, n'kugunditsa sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake kukhutu, kumvetsera kwa nthawi yaitali. Atadzuka anati mtima wa injiniyo ndi wabwino.

Ine ndinali nditaona kale zithunzi za enawo, aakulu, owala, otsika mtengo. Ndinayamba kuwanyoza a mkulu uja pamaso pake, m'Chichewa. Ndinati awa ndi makina a penshoni, tikawatenga tizingowanyamula kupita nawo kuchipatala. Ndinati mapaipi amenewa sangafike n'komwe m'chipinda cham'mwamba ku Waterkloof. Che Amidu anati chabwino, tikaone enawo, koma nkhope yawo inkaoneka kuti yatsalira pamenepo.

Enawo anali ku Hillcrest, kumtunda. Nthawi ya mapemphero a Lachisanu inali itayandikira, ndiye anandisiya pageti kuti ndiyambe kuona, iwo abwera akamaliza. Asananyamuke anatsitsa galasi.

"Achimwene, za injini ndidzaona ndekha. Inu mundifunsire chinthu chimodzi chokha. Makinawa ankagwira ntchito kuti?"

Wogulitsa anali mayi wachizungu, wamasiye, mwamuna wake atamwalira chaka chapitacho. Ananditengera kuseri kwa nyumba, ndipo ndisanafunse n'komwe yankho ndinaliona ndi maso. Kunali mizere iwiri ya makola a waya, opanda kanthu tsopano, mbale zachitsulo zitaunjikidwa pakona. Banjali linkasunga agalu a anthu opita kutchuthi. Ndinafunsabe, poti ndinatumidwa. Mayiyo anayankha mokondwa kuti mwamuna wake ankachapira makinawo zogonera za agalu sabata iliyonse, ndiponso makapeti a m'nyumba za makasitomala awo, ndipo sanawavutitsepo ngakhale tsiku limodzi.

Kenako anawaliza. Eish! Injini inadzuka kamodzi n'kamodzi, mawu ake okhazikika. Ndinayesa pa chidutswa cha kapeti chakuda bii, ndipo ndodo yochapira itangodutsa kamodzi panatsala mzere woyera. Kukoka kwake kunkanyamula kapeti yonse m'mwamba. Mapaipi anali okwana kuzungulira nyumba. Mtima wanga unapita, ndipo pomwepo ndinayamba kudzinamiza. Ndinati madzi otentha chonchi amapha chilichonse. Ndinati tikafika ndidzawatsuka ndi mankhwala ndekha, Che Amidu osadziwa, ndipo palibe amene adzavulale. Ndinapempha anyamata awiri ogwira ntchito pamenepo kuti tiwakokere kutsogolo kwa nyumba, ndikunamizira kuti baki singakhote kuseriko. Chimenechi ndiye chimandiwawa kwambiri, chifukwa bodza la pakamwa limatha kukupulumuka, koma kukoka chitsulo cholemera chonchija mpaka kutsogolo kunafuna kuganiza.

Che Amidu anabwera atavala mkanjo wawo woyera, nkhope ili phee. Anazungulira makinawo, kumvetsera injini, kugwedeza mutu movomera. Fungo la mankhwala a mandimu amene tinayesera linali litaphimba zonse. Kenako anandiyang'ana.

"Mwafunsa?"

"Ndafunsa. M'maofesi basi, ngati aja a ku Pinetown."

Mayi uja anali chilili pambali pathu akumwetulira, osamva kanthu. Che Amidu anati Alhamdulillah, n'kulipira.

Kukweza kunali nkhondo. Panalibe chonyamulira, ndiye tinaika matabwa awiri, anthu anayi kukankha, mmodzi kukoka ndi chingwe. Makinawo atakhala, baki inatsika kumbuyo mpaka matayala anatsala pang'ono kukhudza bodi. Mayiyo anandiuza kuti tisaiwale kutaya madzi a m'thanki ya zonyansa, chifukwa munali a tsikulo ndi ena akale. Ndinamva, koma mvula inali itayamba kudontha, ndipo ine ndinkafuna tichoke pamalopo galu wina asanauwe. Tinamanga zingwe, kufunditsa lona, n'kunyamuka.

Loweruka tinayamba ulendo wobwerera kusanache bwino. Amene anayendapo msewu umenewu akudziwa kuti kuchokera ku Durban umangokwera. Baki ya Che Amidu inali yazaka zambiri, ndipo pa chitunda chotulukira mu Pietermaritzburg tinkayenda m'giya yachiwiri, mathiraki akutipitirira, madalaivala akutiimbira mahutala. Tikagwira buleki, madzi a m'thanki ankabwera kutsogolo n'kutikankha, khuvu, kenako n'kubwerera. Che Amidu anafunsa ngati tinataya madzi aja. Ndinati atsala ochepa. Bodza likayamba limabereka msanga.

Pa Mooi River tinamwa tiyi. Che Amidu anali osangalala kuposa masiku onse amene ndawadziwa. Anaimbira foni mkulu wina wa kumzikiti kumuuza kuti katundu ali m'njira, Lachitatu achotse mashelefu a mabuku m'mbali kuti tidzachape bwino. Anandigulira mpaka chitumbuwa cha nyama. Ndinadya.

Estcourt tinadutsa, mphambano ya ku Ladysmith tinadutsa, n'kufika pa phiri la Van Reenen cha m'ma leveni. Kunali nkhungu, mathiraki atandandana ngati ngolo za sitima. Tili pakati pa phiri, muvi wa kutentha unayamba kukwera. Ndinauyang'ana, Che Amidu anauyang'ana, mpaka nthunzi inatuluka pansi pa boneti. Tinapatukira pamalo oimapo mathiraki n'kuzimitsa.

Tinadikira. Rediyeta yotentha siitsegulidwa, ndiye palibe chochita koma kukhala pa mwala, nkhungu ikunyowetsa malaya. Patsogolo pathu panali thiraki ya ku Zambia, dalaivala wake akuphika pa kasitovu. Atamva tikuyankhula anabwera ndi chigubu cha madzi, n'kutipatsa moni m'Chinyanja chawo chija. Anali munthu wanthabwala. Anazungulira baki, kuigwedeza ndi phewa, n'kumva madzi akukhuvuka. Anaseka mpaka kugwira mawondo. Anati iye wayenda misewu yonse ya kumwera kuno, koma sanaonepo anthu onyamula madzi akuda kuchoka nawo kunyanja kukwera nawo phiri.

Che Amidu anandiyang'ana pang'ono, koma sanandidzudzule. Anakwera kumbuyo n'kutsegula mpopi wotayira. Madzi anatuluka pang'ono, akuda, kenako anasiya. China chake chinali chitatseka. Ndinati ndichite ndine, koma anali atatsegula kale chivundikiro n'kulowetsa dzanja mpaka m'chigongono. Anatulutsa sefa, kadengu kawaya kamene kamagwira zinyalala kuti zisapite ku bulowa, chipangizo chimene chimakoka mpweya. Sefayo inali yodzaza ubweya, wofiirira, woyera, wakuda, wopotana ngati chisa. Fungo linatipeza tonse nthawi imodzi, ndipo palibe munthu amene sadziwa fungo la galu wonyowa.

"Amdala, awa munagula kwa oweta agalu," anatero wa ku Zambia uja, akusekabe. Ataona kuti palibe akuseka naye, anatithirira madzi m'rediyeta, kutenga chigubu chake n'kubwerera ku thiraki yake.

Che Amidu anatsika, dzanja atalitalikitsa ndi thupi. Anaika sefayo pansi.

"Achimwene Yotamu, mayi uja anakuuzani?"

Ndikanatha kunena kuti anandinamiza ndi mayiyo. Zinafika pakamwa ndithu. Koma ndinati inde, anandiuza. Ndipo m'malo mopepesa, ine wopusa ndinapsa mtima. Ndinayamba kukuwa kuti makinawa ndi abwino kuwirikiza kawiri kuposa aja, kuti madzi ake amatentha moti palibe kachilombo kangapulumuke, kuti bizinesi siyendera zinthu zotere, ndipo shehe sangadziwe pokhapokha wina akamuuze. Ndinayankhula mpaka mawu anandithera.

"Shehe sangadziwe, zoona," anatero mofatsa. "Koma ine ndadziwa. Pa kapeti ija anthu amaikapo chipumi."

Anasamba dzanja lija pomwepo, ndi dothi la m'mbali mwa msewu ndi madzi a m'botolo lathu lakumwa, mpaka madziwo anatha. Kenako anati nkhaniyi sinafe. Chitsulo chimayera. Chilichonse chimene madzi akuda anadutsamo, thanki, sefa, mapaipi, ndodo, titsuke kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, ndipo makinawo alowa mumzikiti Lachitatu monga analonjezera. Anati kutsogoloku pa Swinburne pali mtsinje, tikachitire kumeneko, chifukwa sankafuna kufika nawo kunyumba ali choncho.

Madzi akuda aja atatuluka onse, thanki n'kupepuka, baki inakwera phiri lotsalalo popanda vuto. Pa Swinburne tinapatuka n'kutsika kanjira kafumbi mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Unali wodzaza ndi mvula ya masiku amenewo, madzi ofiira. Che Amidu anapinda buluku, kutenga ndowa, n'kuyamba ndi sefa. Ankachotsa ubweya ndi kamtengo, kupaka matope, kutsukuluza, kutsukuluzanso, osathamanga. Anati mapaipi tidzawathira madzi ndi ndowa mbali imodzi, wina atanyamula mbali inayo. Ndinayang'ana kutalika kwa mapaipiwo, ndinayang'ana mitambo yakuda imene inkabwera kuchokera ku Harrismith, n'kuona kuti tigona pano.

Nthawi ya swala ya masana itakwana, anaika sefa pa udzu kuti iume, n'kukwera kamtunda ndi kamkeka kawo. Ndinatsala ndekha ndi manyazi anga. Ndinkafuna kuti akamabwera apeze ntchito yatha, aone kuti ndine munthu wothandiza, mwina nkhope yawo ibwerere mwakale. Ndinaganiza kuti injini ilipo, petulo alimo, bwanji makinawo asadzitsuke okha? Paipi ikakoka madzi a matope kamodzi, kenako oyera kasanu ndi kamodzi, lamulo lakwana m'mphindi khumi. Paja amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ndinalumikiza paipi, kuponya mutu wake m'madzi osaya pamene panali mchenga, n'kuliza injini. Za sefa imene inali pa udzu, mapazi awiri kuchokera pamene ndinaima, sindinaziganize n'komwe.

Makina aja ankakoka zoona. Paipi inagwedezeka, kumeza madzi, mchenga ndi timiyala tomwe. Thanki inadzaza mofulumira kuposa mmene ndinkayembekezera, ndipo popanda sefa zonsezo zinapita molunjika ku bulowa. Panamveka phokoso ngati chigayo chameza mwala. Lamba analira, utsi wa labala unatuluka, injini inazima yokha. Kenako kunangotsala mkokomo wa mtsinje.

Ndinayang'ana kumtunda. Che Amidu anali atawerama, ndipo sanatembenuke. Anamaliza swala yawo yonse, kupinda kamkeka, n'kutsika pang'onopang'ono. Anagwira gudumu la bulowa n'kuyesa kulizunguza ndi dzanja. Silinasunthe. Anayesanso ndi manja awiri. Anaona paipi ili m'madzi, anaonanso sefa pa udzu.

Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Ndikanakonda akanatero, ngakhale kundimenya khofi, chifukwa ndikanapeza poyambira kulira. Iwo anangotola ndowa n'kundipatsa, n'kunena kuti ndinyamule mbali iyo ya paipi. Tinatsuka makina akufawo mpaka kumapeto, thanki, mapaipi onse, ndodo, kasanu ndi kawiri chilichonse, milomo yawo ikuwerenga chamumtima. Mvula inatipeza tili pa paipi yachiwiri ndipo sitinasiye. Ndinapepesa kamodzi. Anati ndamva, thirani madzi.

Kuchokera pamenepo ulendo unalibe nkhani. Harrismith, Warden, Villiers, matologeti aja amodzimodzi, zovala zonyowa, wailesi yozimitsa. Pa Heidelberg anaima kuti aswali, ine ndinakhala m'galimoto. Tinalowa mu Pretoria magetsi a m'misewu atayaka, anandisiya pageti ku Gezina n'kunena kuti tionana Lolemba.

Lolemba makaniko wina wa ku Gezina anatsegula bulowa ija n'kutiitana kuti tione. M'kati mwake munali mokandikakandika, zitsulo ziwiri zimene zimazungulira zitalumana. Anati yokonza palibe, ina iyenera kuchokera kunja, ndipo tidikire masabata angapo. Ramadani inali itatsala masiku asanu ndi limodzi. Ndinaimbira mkulu wa ku Pinetown uja mwakabisira, ndikuganiza kuti mwina tingabwereke. Anati makina ake anagulidwa Loweruka lomwelo.

Lachitatu Che Amidu anabwera kudzanditenga monga mwa masiku onse. Kumbuyo kwa baki kunali ndowa, maburashi atsopano khumi ndi sopo. Sanandiuze kuti ndipite nawo kapena nditsale, ndiye ndinakwera. Kumzikiti tinapeza akuluakulu atachotsa kale mashelefu, mawindo atatsegula, ena atabwera ndi adzukulu kuti adzaone makinawo. Ine ndinaima pa mpopi wa panja, pafupi ndi khomo pamene amavulira nsapato, n'kuyamba kudzaza ndowa. Zonse zinkamveka.

Che Amidu anawauza kuti makina anagulidwa koma awonongeka m'njira, ndipo sachira Ramadani isanayambe. Kenako mkulu wina, Che Saidi, amene amayenda ndi ndodo chifukwa cha mawondo, anayamba kuyankhula mokweza. Anati akanadziwa akanayamba sabata yatha pang'onopang'ono, tsopano kapeti idzauma liti? Anati munthu wamkulu salonjeza pagulu chinthu chimene sanachigwire m'manja. Ena anavomereza. Wina anafunsa kuti makina owonongeka asanagwire n'komwe ntchito anasankha ndani.

"Ndinasankha ndine," anatero Che Amidu. "Ndinagula osayang'anitsitsa, ndipo m'njira sindinawasamale. Mundikhululukire."

Ndowa inadzaza n'kuyamba kusefukira pa mapazi anga. Khomo linali pomwepo, lotsegula. Ndikanangovula nsapato, kulowa, n'kunena mawu atatu. Ine amene ndimayankha ngakhale funso la munthu wina, tsiku limenelo ndinangotseka mpopi n'kukhala panja pomwepo. Ndinamva Che Saidi akunena kuti chaka chamawa nkhani ya kapeti aipereke kwa munthu wina. Nditasuzumira, Che Amidu anali atagwada kale pakona ndi burashi, ndipo akuluakulu aja ankagwada mmodzimmodzi pambali pawo, ena akugwira khoma kuti atsike. Ndinatunga madzi tsiku lonse, ndipo aliyense wolandira ndowa pakhomo ankandithokoza.

Madzulo tikubwerera ndinalephera kupirira. Pa maloboti ena ndinawafunsa chifukwa chimene sanandithulire ine mlanduwo, poti wolakwa ndinali ine kuyambira ku Hillcrest mpaka kumtsinje. Anayang'ana kutsogolo, manja awo otupa ndi sopo ali pa chiwongolero.

"Ndikanatchula inu, sakanati Yotamu wanama. Akanati Akhristu ndi otero, ndipo mawa mwana wa ku Ntcheu akadzagogoda kufuna ntchito kwa mmodzi wa iwo, akanamubweza. Ine angonena ine ndekha."

Maloboti anasintha, tinapita. Bulowa ina inabwera patatha mwezi ndi theka, ndipo makinawo akugwira ntchito mpaka lero m'nyumba za ku Waterkloof, monga ndinkafunira ine. Kapeti ya kumzikiti anaipereka kwa munthu wina, ndipo Che Amidu sanaimirirenso kuyankhula pamaso pa akuluakulu aja.